Benchi ya Pageti

Lolemba
Msika wathu wakale augwetsa. Mabenchi a mapaini, malata adzimbiri, zonse pansi. Akumanga watsopano wa njerwa, ife atisamutsira kubwalo la mpira. Nthochi zanga ndayala pagolo.

A Makwinja, tcheyamani wa msika, alengeza kuti: "Mashedi akatha, oyamba kusankha malo ndi mabanja amene anayambitsa msika uno." Ndiye kuti ine. Aliyense akudziwa kuti mayi anga ndiwo anayamba kuyala chiguduli pansi pa m'bawa uja, kudikira otchola tiyi akamaweruka. Ndikufuna benchi ya pageti, pamene anthu a ku esiteti amalowera tsiku la malipiro, ndalama zisanazolowere thumba.

Zofunika:
- kope
- bolopeni
- mboni zaimvi

Loweruka ndikapereka mbiri yonse ku komiti. Nkhani yatha kale iyi.

Lachiwiri
Mboni yoyamba: a Nihaka, kapitawo wakale wa m'munda wa tiyi. Ndawatengera phava la nthochi. Akudya uku akukumbuka. "Amayi ako ndikuwadziwa bwino. Ankakhala pafupi ndi malemu mkazi wanga, amene anayambitsa msikawo."

Ndalemba chiganizo choyamba chokha. Chachiwiricho ndi ukalamba chabe.

Lachitatu
Mboni yachiwiri: a Esinati ogulitsa usipa. Akuti msika unayamba ndi mchere umene bambo awo anasenza kuchokera ku Mozambiki. Akutinso mtengowo sunali m'bawa, unali mkuyu. Nkhani itakoma aitembenuzira m'Chilomwe, akuloza kumapiri, ine bolopeni ili m'malere. Potsanzikana andifunsa kumene ndagula kope.

Sindikuda nkhawa. Choonadi sichiwola ngati mapeyala.

Lachinayi
Kugolosale makope atha! Bwalo lonse likulemba mbiri. Makasitomala akuima, palibe wowayang'ana. Oyambitsa msika pofika masana ano:
- mkazi wa a Nihaka
- mchere wa ku Mozambiki
- agogo a wogulitsa makala
- amalume a bambo wa makava a foni uja, amene wabwera kuno chaka chatha kuchokera ku Limbe. Akuti mtengowo anabzala ndi amalumewo.

Alekeni alembe. Mboni zawo zili kumanda, yanga ili moyo ku Thekerani. Mawa ndikupita kwa mayi enieniwo.

Lachisanu
Minibasi, kenako njinga yamoto, fumbi mpaka m'makutu. Mayi ndawapeza pakhonde akutong'ola chimanga. Ndatsegula kope, ndawafotokozera zonse.

"Ine? Ndinkagulitsa pasiteji ya basi. Kumsika ndinapita atatithamangitsa. Ndinapeza anthu atadzaza kale, malo anachita kundigawira amake Esinati."

Ndafunsa za m'bawa. Akuti iwo akukumbuka chulu.

Ndawapempha kuti aganizenso bwinobwino. Andiuza kuti ndaonda, ndipo andisenzetsa nandolo.

Loweruka
Nthochi zimene ndinasiya dzulo zapsa zonse, zina zayamba kuda. Komabe ndavala chitenje chatsopano, ndakhala kutsogolo kwenikweni. Mbiri yanga ndaikonza pang'ono: siteji ya basi nayo ndi mbali ya msika, munthu akaganiza mofatsa.

Patebulo la komiti makope ali mulu. A Makwinja awayang'ana nthawi yaitali, kenako avula magalasi. "Abale, mwana mmodzi sangakhale ndi amayi onsewa. Tichita maere."

Timapepala m'chidebe. Wa makava a foni watola pageti, anthu mpaka kumuombera m'manja. Ine ndapisa dzanja mpaka pansi, poti zabwino zimakhala pansi. Benchi yomalizira, kuseri, moyang'anana ndi zimbudzi.

Lamulungu
Kutchalitchi ndaimba ndi mawu anga onse, asaone ngati zandikhudza. Poweruka ndadzera pamene akumangapo, kukaona malo anga. Pali maziko okha, koma ndaimapo ndithu. Mphepo ikuchokera kolakwika.

Bambo a kunyumba akuti ndisiye nthochi, ndiyambe kugulitsa sopo. Aseka okha.

Madzulo ano ndakhala ndikulingalira. Pageti munthu amangodutsa, ali pachangu. Kwanga kuzimbudzi kuja aliyense adzabwera yekha osaitanidwa, a Makwinja omwe, ndipo pamzere adzaima ndithu.

Mawa ndifunse mtengo wa sopo ku Boma.