Mbale za Anachisale ndi BP Yanga

Lolemba

Ndachokera kuchipatala. BP yakwera. Anesi akuti: "Mayi, sinthani kadyedwe. Mubwerenso Lolemba. Ikapanda kutsika, tiyamba mapilitsi a tsiku lililonse."

Mapilitsi amenewo ndikuwadziwa. Malemu mayi anga ankayenda nawo pamfundo ya chitenje mpaka tsiku lomaliza. Ndikuwaopa, kunena zoona.

Zoletsedwa:
chipisi
mandasi
mchere wowaza pamwamba
shuga wa masipuni anayi mu tiyi

Anesi akutinso chilakolako chikabwera ndizidzilankhula ndekha, ndizidzilangiza ngati mwana. Zosavuta. Ana atatu ndalera, wachinayi ndi ineyo.

Vuto ndi limodzi. Makina anga osokera ali pakhonde la sitolo pamsika wa Nsungwi, ndipo chiwaya cha chipisi cha a Banda chili pomwepo. Mphepo imachokera kwa iwo.

Lachiwiri

Ndikudzilankhula chamumtima, koma mimba sikumva. Ndayesa mokweza: "Mayi iwe, sunabadwe ndi chipisi m'manja." Zatheka! Ndadutsa pachiwaya osakhota khosi.

A Banda: "Asisi, talakwanji?"

Nkhomaliro: nkhaka ziwiri ndi madzi. Kusiyana kwake sindikukumva.

Lachitatu

M'minibasi yopita m'tauni kukagula ulusi. Bambo wina pambali panga watsegula pepala la mandasi otentha. Ndikuti: "Usayang'ane. Uli ndi ana iwe. Ugwire mtima, zidutsa."

Bamboyo wasuntha, wakumbatira chikwama chake.

Potsika ndikuona Anachisale, oyandikana nawo nyumba, ali kumpando wakumbuyo. Amva zonse. Andipatsa moni kawiri.

Lachinayi

Anachisale pakhomo m'mawamawa, mbale yovindikira m'manja.

"Asisi, munthu salankhula yekha popanda chomudya mumtima. Kodi abambo akunyumba ayamba kuchedwa kubwera?"

Ndawafotokozera za BP ndi za anesi. Akungogwedeza mutu. "Eya, maganizo amenewo. Ndipo nkhope yagwa."

M'mbalemo muli zitumbuwa zisanu ndi chimodzi. Chakudya cha mnzako sukana, ali chikhalire pampando wako. Ndadya chimodzi chaulemu. Chachiwiri kuti asaganize kuti choyamba sichinakome. Pachachitatu ndinadzilankhula ndithu, kungoti m'kamwa munali modzaza, mawu sanamveke.

Lachisanu

Mbale ya Anachisale ili patebulo. Mbale siibwerera kwa mwini wake ili yopanda kanthu, sindinaleredwe choncho. Ndaganiza zoikamo nkhaka. Ndadzifunsa mokweza ngati ndikufuna kutchuka mzere wonse wa nyumba zino. Ndadziyankha kuti ayi.

Ndiye ndikukazinga mandasi. A Anachisale, osati anga.

"Kulawa si kudya," ndikudziuza. Aka n'koyamba sabata ino kuti ine ndi ine tigwirizane msanga.

Ndalawa asanu. Mchere unali bwino kuyambira pa loyamba.

Popereka mbale ndamva mwana wawo akunong'oneza mnzake: "Ndi omwe aja olankhula okha."

Loweruka

Odi pakhomo. Amayi a kutchalitchi asanu ndi atatu, atsogozedwa ndi Amayi abusa. Aliyense ndi mbale yake. Nkhani yafika kale ku Area 23, kwa mlamu wanga, ndipo kumeneko akuti ndimayankhana ndi makina osokera.

Nyimbo ziwiri. Pemphero lalitali lochotsa mzimu wa nkhawa. Ameni wanga anali wochokera pansi pa mtima, chifukwa nkhawa ndili nayodi.

Kenako kuvundukula:
nkhuku yokazinga
mbatata yokazinga
zitumbuwa (Anachisale)
mpunga wonyezimira mafuta
thobwa lotsekemera ngati uchi
chipisi, a Banda atumiza, akuti ndichire msanga

Amayi abusa: "Idyani tikuona, mwana wanga. Tikapanda kuona, sitichoka."

Ndatsegula pakamwa kuti ndidzilangize. Onse asanu ndi atatu atukula mitu, wina wayamba kale kutsegula buku la nyimbo. Ndaikamo ntchafu ya nkhuku.

Nthungululu! Akuti ndachira.

Chopweteka n'chakuti amandikondadi anthu amenewa. Ndalira pang'ono, iwo andiwonjezera mpunga.

Lamulungu

Kutchalitchi aliyense akuti ndikuoneka bwino. Siketi yakana kutseka, ndamangira chitenje.

Masana ndaima pagalasi. "Mayi iwe," ndayamba. Wandiyang'ana, ine ndamuyang'ana.

Patebulo pali mbale zisanu ndi zitatu, zotsukatsuka, iliyonse ikudikira kubwerera kwawo. Mbale yobwera ndi nkhuku siibwerera ndi nkhaka. Ufa ndakanda kale, mafuta ali pambaula.

Mawa kuchipatala. Chitenje chokhala ndi ngodya yabwino yomanga mfundo ndachisita.

Funso lokafunsa anesi: mapilitsiwo amamwa usanadye, kapena utadya?