A Dominiko ndi Zifuwa za ku Lwendulu

A Dominiko Chikaonda ali moyo, ku Lwendulu, dera lathu la pafupi ndi mgodi wa malasha, kunalibe munthu wotsokomola mwaufulu. Madala amenewo ukawaitana dzina sankamva, poti phokoso la mumgodi linawagonthetsa kalekale. Koma chifuwa chingolira pang'ono, kaya ndi nyumba yachitatu, umangowaona atulukira, fulasiki ili kukhwapa.

Malamulo awo a mphumu tonse tinkawadziwa pamtima. Khala tsonga, masula kolala, mawindo atsegulidwe, upume pang'onopang'ono ngati ukuuzira phala la mwana. Kenako khofi wakuda wopanda shuga, wowawa moti mphumuyo inkayamba yapepesa.

Lamulungu lina, abusa ali pakati pa ulaliki, a Dominiko anaimirira.

"Pepani abusa, muno wina akubanika."

Anayenda benchi ndi benchi, khutu patsogolo, mpaka anakaima pa a Feliciano, mkulu wa mpingo, amene anali mtulo, mphuno ikuimba likhweru. Anawagwedeza n'kuwapatsa kapu.

"Ine sindikudwala, achimwene," anatero a Feliciano.

"Imwani basi. Ngati si mphumu, mumvako ulaliki."

Ovutika kwenikweni anali anyamata ofunsira mbeta. Chizolowezi chawo chinali kutsokomola kuseri kwa mpanda kuti mtsikana atuluke. M'malo mwa mtsikana ankatuluka a Dominiko. Mmodzi anamwa makapu awiri pamaso pa apongozi amene anali asanamudziwe n'komwe. Ukwati unachitikabe.

Tinkawaseka, inde. Tinachepetsa kuseka mu Okutobala wa 2008, chaka chimene m'masitolo munali mashelefu okhaokha. Khofi anasowa, koma iwo anali ndi kachitini kamene ankasungira odwala, eni ake n'kumamwa madzi otentha.

Masana ena, dzuwa likuswa mtengo, mphepo inanyamula fumbi la malasha n'kulikhuthulira pamsika. Letty, mayi wa ana awiri wogulitsa tomato, anagwira pakhosi. Kapampu kake kopumira kanali katatha mwezi wapitawo. Anthu anamuunjirira, wina akufuna kumugoneka, wina kumuthira madzi, wina wayamba kale pemphero.

"Chokanipo, mukumudyera mpweya," anatero a Dominiko.

Anamukhazika pakireti, iwo n'kugwada kutsogolo kwake, atamugwira manja.

"Ngiyafa, khulu," ananong'ona Letty m'Chindebele, kutanthauza kuti, ndikufa agogo.

"Kufa uchite tsiku lina, lero tomato sanathe. Yang'ana ine, mwanangu. Puma pamodzi ndi ine."

Anapuma naye, kukoka, kutulutsa. Anamumwetsa pang'ono. Kenako anayang'anitsitsa milomo yake, imene inali itayamba kutuwa, ndipo anatseka fulasiki.

"Khofi wathera pomwepa. Uyu ndi wa kuchipatala, tsopano lino."

Galimoto zinalipo, mafuta ndiwo kunalibe. A Davison ogulitsa nkhuni anakhuthula wilibala yawo. Letty anakhalamo tsonga, a Davison akukankha, nkhalamba ija ikuthamanga pambali, dzanja la Letty osalisiya. Pofika kuchipatala anamwino anasowa kuti wodwala ndi uti. Anawagoneka onse awiri.

Letty anachira. Atatuluka anawapititsira mbale ya tomato, n'kuwafunsa chimene tonse tinali tisanafunsepo.

"Khulu, zifuwa za eni mumazitsatiranji chonchi?"

Anayamba kupukuta kapu.

"Akazi anga, a Margarida, anali ndi mphumu. Tsiku limene inawagwira kotsiriza, anansi anawagoneka chagada, kutseka mawindo, kufukiza masamba. Ankafuna kuthandiza. Ine ndinali pansi, mumgodi. Potuluka ndinapeza anthu atakhala kale pakhonde." Anaika kapu pansi. "Sindinamve kanthu, mwanangu. Tsiku lonse ndinkangoimba nyimbo ndi anzanga."

Chaka chotsatira, m'nyengo yozizira, chifuwa chawo chomwe, chimene chinameza fumbi zaka makumi atatu, chinatopa. Tinkawauza kuti akulira m'chifuwa, iwo n'kumatsutsa kuti ndi chitseko. Anapita m'mawa wina, atakhala tsonga pampando, windo lili lotsegula.

Fumbi likugwabe ku Lwendulu. Timalisesa m'mawa, madzulo labwerera. Mwana akabanika, anthu amadziwa kumukhazika, kumupatsa mpata ndi kuthamangira kuchipatala osazengereza. Zonsezo zinatsala. Koma mumsewu wathu mwazizira, anthu amadutsana ndi moni wachidule, aliyense ndi matenda ake.

Ndinakumana ndi Letty pamsika, ndinamufunsa za chifuwa.

"Chikabwera ndimadziwa chochita, ankolo," anatero, akusanja tomato. "Kungoti masiku ano ndimapuma ndekha."