Fivela ya Mwendo wa Ababa

Lolemba

Sabata yayamba bwino mpaka ndikuchita mantha.

Lamulungu likudzali tikuvundukula chiliza cha amayi. Ababa anena kale, ndipo ababa sabwereza mawu: “Kwa amako sindipita ndi ndodo. Sankafuna kundiona ndikudumphadumpha pa anthu.” Koma mwendo wawo wopanga, umene amayendera chipondereni mina, bomba lokwirira pansi, kumunda titangobwerako ku Zambia, watsamira pakona. Fivela ya pulasitiki, yomanga lamba pamwamba pa bondo, inathyoka sabata yatha. Tayesa mphira, tayesa waya. Akangoyenda pang’ono mwendo ukuterereka n’kuwasupula pachipsera. Fivela yatsopano ili kuchipatala ku Tete, ndipo ku Tete sikuseri kwa nyumba.

Nanga ine impresora ndinaigulira chiyani? Anthu a pa Fingoe pano andiseka mokwana, ati pulofesoro wagula makina oumba tizidole. Lero aone!

Ndaweruka kusikola, ndayeza zidutswa za fivela yakale, ndajambula pa komputadoro, ndalowetsa ulusi wa pulasitiki wakuda. Makina akuimba kanyimbo kawo. Kamlomo kotentha kakuyendayenda, kakusanja pulasitiki mzere pamwamba pa mzere. Dzuwa lisanalowe, fivela iyo!

Ababa avala. Aimirira. Achoka pakhonde mpaka pamtengo wa mango, abwerera, apitanso. Akuseka! Chimwalirireni amayi ndinali ndisanawaone mano.

Ndaijambula, ndatumiza kugulu lathu la pa telefoni, la anthu a ma impresora a ku Beira ndi ku Maputo. Ndikudikira kuwomberedwa m’manja.

Mkulu wina amene timamutcha Injinyero: “Imeneyo ndi fivela kapena mlamba? Ndevu zonsezo?”

Wina: “Mesa yako yapendekeka, m’bale.” Akunena kambale kamene pulasitiki imaterapo.

Ndaiyang’ananso. Zoona, ili ndi tindevu. Mizere ikuoneka poyera. Ababa akaime pamaso pa mpingo wonse ndi chinthu chandevu? Ine ndili moyo? Ndaichotsa pamwendo. Ndawauza kuti ija inali yongoyesera, yeniyeni ikubwera.

Zochita sabata ino:
kuika kamlomo katsopano;
kuika chokankhira ulusi chachitsulo;
kuika sensoro yoyeza mesa yokha;
kusintha pulogalamu ya m’kati mwa makina;
kenako fivela, ntchito ya tsiku limodzi.

Nthawi ilipo yambiri.

Lachiwiri

Kaphukusi ka zitsulo zatsopano kanafika pa shapa, minibasi yathu ya kuno, kalekale, ndinkangosowa chifukwa chokatsegulira. Ndakatsegula.

Ndamasula makina onse pamphasa. Ndikutsatira m’Brazili wina pa vidiyo. Amalankhula ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi, ndipo manja ake amabisa penipeni pamene ndikufuna kuona.

Injinyero walembanso: “Fivela ija uiyese ndi alikate, chopanira chachitsulo chija. Ikathyoka ndiye kuti inali yofooka.” Ndaipana ndi alikate. Siikuthyoka. Ndapananso ndi manja awiri. Yakana. Ndapondapo ndi bondo.

Thyo!

Mwaona? Inali yofooka. Bwenzi itawagwetsa ababa panjira. Ndadziuza mawu amenewa kangapo.

Kaparafuzo kamodzi, kamsomali kopotokola, kakang’ono ngati njere ya mapira, kagwa pamphasa n’kugudubuzika mpaka pakhomo. Tambala wathu wofiira wafika ine ndisanafike. Wameza. Wandiyang’ana ndi diso limodzi n’kumapita.

Mosungira zida mulibe kena kofanana nako. Ndapita kumsika, kumerikado, kwa okonza mafoni ndi mamota. Mmodzi wandionetsa parafuzo yonenepa ngati chala. “Ingoboolani bowolo likule, apulofesoro.” Ndamanga sensoro ndi kawaya.

Ababa, ali pampando, ndodo zili pambali: “Mwendo uja ndingavale madzulo ano? Ndimafuna ndizolowere.”

Ndati mawa.

Lachitatu

Tsiku la pulogalamu. M’Brazili akuti chinthu chimodzi chokha, magetsi asazime ntchito ili pakati.

Magetsi azima ntchito ili pakati.

Atabwera, kagalasi ka impresora kangoti buluu, opanda chilembo. Ndazimitsa, ndayatsa. Buluu. Ndapemphera mwachidule, ndayatsanso. Buluu wa kumwamba weniweni.

Ndakwera kachulu kuseri kwa sikola kumene netiweki imagwira, telefoni m’mwamba ngati ndikudalitsa mudzi. Ndakopera pulogalamu ina. Makina adzuka! Koma tsopano akulankhula Chitchaina. Ndikusindikiza mabatani mongoganizira. Batani lina latenthetsa mesa. Lina laliza kabelu. Lina sindikudziwa chimene lachita ndipo chimenecho n’chimene chikundiopsa.

Ndayesa sensoro. Ntchito yake ndi kutsika pang’onopang’ono, kukhudza mesa, kuima. Yatsika. Yakhudza. Siinaime. Kamlomo kalowa m’mesa n’kulima mzere kuchokera kukona mpaka kukona. Mayo ine! Mzere wowongoka bwino, ungadzalemo mtedza.

Gulu likuti:
waya wa sensoro ndaulumikiza chozondoka;
ayi, pulogalamu ndi ya makina ena;
ayi, vuto ndi fumbi la kwanuko;
gula ina.

Ababa sanafunse kanthu lero. Kusafunsako kwandiwawa koposa.

Lachinayi

Waya unalidi chozondoka. Ndakonza. Ndatembenuza kambale ka mesa kuti mzere uja ukhale pansi. Ndikuyeza mpata ndi kapepala, kona ndi kona. Ndikakonza kumanzere, kumanja kwakwera. Ndikakonza kumanja, kumbuyo kwatsika. Ndi mmene ilili kalasi yanga ya ana aang’ono, ukakhazika uyu waimirira uyo.

Injinyero akuti fivela isanapangidwe ndiyambe ndayesa makina. Ndamvera. Zimene ndapanga lero:
kabokosi koyesera, kopendekeka;
kabokosi kena, kopanda denga;
kabwato koyesera, koti ngakhale pa Zambezi sikangayandame;
kapaipi kopititsa mphepo pakamlomo, kuti makina azipanga bwino zinthu zina;
chisa cha mpheta. Ichi chinayenera kukhala fivela. Ndinangotuluka kukamwa madzi.

Ndapsa chala pakamlomo. Ndatukwana m’Chiputukezi kuti ababa asamve, ndaiwala kuti iwo anagwirapo ntchito kwa Apwitikizi.

Ulusi wakuda watha. Watsala wobiriwira, umene ndinagulira tizilembo ta ana a sikola. Palibe kanthu, mtundu si mphamvu.

Potuluka ndapeza ababa aika mwendo uja pamiyendo, akupukuta nsapato yake ndi kansanza. Inali ntchito ya amayi imeneyo, Loweruka lililonse, ndipo ankadandaula kuti nsapato ya mwendo wopanga imada msanga kuposa inzake. Ababa sanadzutse mutu.

“Kodi ija ya Lolemba inalakwa chiyani?”

Ndayamba kufotokoza za mizere ndi ndevu. Iwo apitiriza kupukuta nsapato.

Lachisanu

Mana Rozita, achemwali anga aakulu, afika kuchokera ku Malowera pamwamba pa kamiyao, lole ya katundu, ndi thumba la ufa, nyemba, fumbi mpaka m’nsidze. Asanakhale n’komwe aona mwendo pakona, aona ababa ndi ndodo, aona ine ndi chala chomanga.

Ababa awafotokozera zonse mwaulemu, mondikometsera. Mana amvetsera mpaka kumapeto.

“Ndiye ya Lolemba ija inagwira?” Inagwira.

“Ababa anayenda?” Anayenda.

“Nanga ndevuzo, apulofesoro, akanaziona ndani m’kati mwa buluku?”

Funso limeneli silinandifikepo m’mutu sabata yonse. Kugulu kuja palibe analifunsa.

Ndadzitsekera kuchipinda. Ndachepetsa liwiro, ndawonjezera kutentha, ndapaka kola, zomatira zija, pamesa. Ndakhala pompo osaphethira. Ndipo, Mulungu ndi wamkulu, yatuluka! Yosalala ngati sopo watsopano. Ndevu palibe. Mzere ngakhale umodzi. Yobiriwira ngati chimanga cha mu Janeiro.

Ndikanapita nayo kwa ababa pompo. Khonde lili apa, mapazi ochepa chabe. Koma Injinyero aone kaye. M’nyumba muli mdima, ndiye ndatuluka nayo, ndaiika pachishalo chakuda cha mota, njinga yamoto ya aneba, padzuwa, kuti iwale. Ndajambula. Chithunzi sichikupita. Ndathamangira kukachulu kuja. Chapita! Ndayankha mafunso, ndalandira ulemu. “Tsopano ndiwe katswiri,” atero Injinyero. Ndawerenga mawuwo mobwereza.

Dzuwa la mwezi uno, la masana, pachishalo chakuda.

Ndaipeza itapindika ngati kansomba kouma. Lamba sakulowa. Poiwongola yang’aluka.

Mana Rozita aitola, aitembenuza, andibwezera. “Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.” Apita kukasankha nyemba. Ndikanakonda akanandikalipira.

Loweruka

Ulusi wotsala ndi wochepa, chigubu chake chikuoneka mafupa. Ndawerengera, ukwana. Ndawerengeranso, ukwana ngati Mulungu alola.

Pabwalo padzaza abale. Akusenda, akutunga madzi, akuphunzira nyimbo za mawa. Aliyense wolowa akusuzumira kuchipinda kwanga. “Ndiwo makina aja?” Ndiwo. “Akupanga mwendo?” Ayi, fivela chabe. “Ooo.”

Makina akuyenda bwino kuposa tsiku lina lililonse chiwagulireni. Phokoso palibe. Thupi la fivela latha, mabowo atha, katsala kambedza kogwira lamba. Ndikuona nsonga ya ulusi ikuchoka pachigubu, ikukwera, ikulowa m’chokankhira changa chatsopano chachitsulo. Chakankha bwino kwambiri. Chakankha mpaka kumaliza.

Kamlomo kakupitiriza kuvina m’malere, kakuumba kambedza ka mphepo. Ndakasiya kamalize. Ndinalibe mtima wokaimitsa.

Ulusi wina uli ku Tete.

Apha tambala wofiira. Mana abwera ndi kanthu m’dzanja: “Katundu wanu, apulofesoro. Anali m’nthutumba.” Kaparafuzo kanga, kowala kuposa kale. Nthutumbayo apatsa ababa monga mwa nthawi zonse.

Ndatenga kambedza ka fivela ya Lolemba, ndakamata ndi kola pa yobiriwira, ndakulunga ndi ulusi wosokera. Yauma. Ababa avala. Aimirira. Phazi loyamba, lachiwiri. Nkhope yayamba kumasuka.

Paphazi lachitatu agwa. Agwa chammbali pakhonde, pamaso pa azilamu awo ndi adzukulu, mwendo watsala uli chiimire pawokha kenako nawo wagwa. Nyimbo zaleka. Palibe waseka, ngakhale ana.

Ndawadzutsa. Chigongono chasupuka. Akundisisita pamkono ngati wagwa ndine. “Basi, mwanawe. Wayesetsa.”

Ndapita kuseri kwa nkhokwe. Ndalira ngati mwana, ine mphunzitsi wa ana a eni.

Lamulungu

Ababa avala suti yawo yakuda. Mana apinda mwendo wa buluku n’kuumanga ndi mapini. Ndawabweretsera ndodo. Apukusa mutu. Ndimayesa akuti sapita.

“Ndinati sindipita ndi ndodo. Sindinati sindipita.”

Tawakweza panjinga, ine ndikukankha, mpaka pakhwawa. Kuchoka apo njira ya kumanda ndi miyala yokhayokha, yokwera. Ndagwada. Akwera kumsana.

Ndi opepuka. Sindimadziwa kuti ababa apepuka chonchi. Sabata yonse ndayeza pulasitiki mpaka kukhuthala kwa tsitsi, koma izi sindinazione. Mpweya wawo ukundigunda m’khosi, akununkha sopo ndi polishi. Anthu akutipatsa njira, akuyang’ana pansi. Mpingo wabwereza nyimbo kutidikira.

Tili pafupi andinong’oneza: “Usandipititse kumiyendo. Undiimike kumutu, kuseri kwa mwala. Amako asaone.”

Ndawaimika kumeneko. Mwala wa chiliza ukuwafika m’chiuno. Dzanja limodzi agwira mwalawo, lina paphewa panga. Akatekisita apemphera, nsalu yachotsedwa, dzina la amayi laoneka. Ababa awongola msana, akweza chibwano, aima nji mpaka pemphero lomaliza. Phewa langa likumva mmene akunjenjemera. Wina aliyense akuona mwamuna ataima pamanda a mkazi wake.

Sanalire. Ndalira ndine, kachiwiri sabata imodzi.

Pobwerera, ali kumsana, afunsa ngati makina anga achira. Ndati achira, ababa, sanakhalepo bwino chonchi. Ati zikomo kwa Mulungu.

Alendo adya, abalalika. Telefoni ikulira m’thumba, gulu likufunsa ngati ndayesapo kuumitsa ulusi ndisanaugwiritse ntchito. Sindinayankhe. Impresora ndaifunditsa nsalu ya kapulana.

Mawa ndipempha chilolezo kusikola, ndikwere shapa ya ku Tete ndi mwendo. Ndaukulunga kale m’thumba la ufa, nsapato ikutulukira kunja. Ababa andiyang’ana ndikumanga chingwe.

“Ukafika kuchipatalako,” atero, “usakawauze kuti aukonze bwino kwambiri. Angoukonza basi.”