Kwa a Wapampando Amene Anandisandutsa Mmphawi wa ku Italy

Lawrence, Indianapolis
Novembala, 2016

Wolemekezeka Bambo Wapampando,
Nthambi ya Chikhalidwe ndi Zaluso,
Bungwe la Tiyanjane la Amalawi a ku Indiana,
South Bend.

Bwana,

Ndagwada pansi, chipewa chili m'manja. Mundikhululukire kuti munthu wamba ngati ine, amene ntchito yanga ndi kumwetsa odwala mankhwala pa chipatala china m'tauni ya Indianapolis, ndalimba mtima kulembera inu amene munaphunzira za mafilimu mpaka kuvala mkanjo. Ndikadakonda kulankhula nanu pamaso, koma foni yanu siyankhidwa, ndipo mayi a kunyumba kwanu akuti masiku ano mwatanganidwa ndi kuganiza. N'chifukwa chake kalatayi ndaiponya pa gulu lathu la watsapu, kuti aliyense amene angakupezeni mutapumula pa kuganizako akuuzeni kuti Lyson wa ku Lawrence akupereka moni.

Ndiyambe ndi kuthokoza. Chaka chatha mu Julaye, pokumbukira ufulu wa dziko lathu, tinasonkhana mu holo ya tchalitchi ku Speedway. Amayi anali ataphika, zoimbira zili chire, enafe titachita kupempha anzathu kuti atigwirire shifiti n'cholinga choti tidzavineko. Inu munaimirira n'kutiuza kuti mtundu wa anthu ongovina sutukuka. Munathimitsa magetsi, n'kutionetsa mafilimu akalekale a ku Italy, a zithunzi zakuda ndi zoyera zokhazokha.

Munatiphunzitsa kuti nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ku Italy kunatsala mabwinja, ulova ndi njala. Opanga mafilimu kumeneko anatuluka ndi makamera awo kupita m'misewu. Anatenga anthu wamba, osati akatswiri a zisudzo, n'kujambula moyo monga mmene unalili, osaupaka mafuta. Dzina la luso limeneli munati ndi niyoriyalizimu. Lilime langa linapindika poyamba, koma pano ndimalitchula ngakhale ndili m'tulo.

Sindikunamizani, Bwana, mafilimuwo anatigwira mtima. Tinaona abambo ataima pa mzere kudikira ntchito yomwe kulibe, amayi akulimbirana mpopi umodzi, mabanja athunthu akugona m'kachipinda kamodzi. Mayi Theresa a ku Speedway komweko, amene anakhala pafupi nane, analira mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Ankati sankadziwa kuti azungu nawonso anazionapo zoterezi. Mpunga unazizira, nkhuku inauma gwa, palibe anavina, koma tinatuluka mu holomo tili anthu ozindikira. Zikomo kwambiri.

Tsopano mundilole ndipereke timadandaulo tanga, tomwe ndi tating'ono kwambiri poyerekeza ndi ukulu wa ntchito yanu.

Choyamba. Tsiku lomwelo munalengeza kuti nanunso mupanga filimu ya mtundu umenewu, yoonetsa mavuto a Mmalawi ku America. Munayang'ana mu holo monse, chala chanu n'kugwera pa ine. Munati nkhope yanga ili ndi chisoni cha mibadwo yambiri. Ndinanyada, Bwana, chifukwa chibadwire palibe anayamikirapo nkhope imeneyi, ngakhale mkazi wanga Chrissie. Ndikadangokonda mukadandifunsa kaye. Chisoni cha mibadwocho chinali tulo: ndinali nditagwira mashifiti awiri motsatizana, ndipo nsapato zatsopano zinkandiluma.

Chachiwiri. Mu Febuluwale munatiitana ku South Bend kuti tidzashute. Ine ndi Chrissie tinadiraiva ulendo wonse uja, kuzizira kukuchita kulowa m'mafupa. Munatitengera kuseri kwa fakitale ina yakale yogumuka mazenera, munati pamenepo ndi pomwe Indiana amafanana ndi Italy wa pambuyo pa nkhondo. Galimoto yathu munati tikaiimike kutali, isaoneke, chifukwa ikuwononga chithunzi. Magalasi anga munandivula. Jekete yanga yotentha munatenga, n'kundiveka chijasi chong'ambika chomwe munachita kugula ndi kuching'amba nokha ndi sizasi. Ndinadabwa kuona kuti umphawi weniweni umafuna kukonzekera chotere.

Chrissie munamusenzetsa ndowa pamutu. Mkazi wanga ndi munthu waulemu, sanakane. Anangofunsa mwakachetechete kuti madziwo akuwatunga kuti, popeza mtsinje wauma ndi chisanu ndipo nyumba zonse za m'derali zili ndi mipopi. Munamuyankha kuti luso silifunsa mafunso. Anayenda ndi ndowayo pa sinowo, chipale chofewa chija, kupita ndi kubwera, kupita ndi kubwera, mpaka anaterereka n'kugwa chagada. Ine ndinathamanga kukamudzutsa, inu n'kukuwa kuti ndisalowe pa kamera. Pambuyo pake munatiuza kuti kugwa kumeneko ndiye mtima wa filimu yonse. Chrissie akuti ndikuthokozeni, ndipo chiuno chake chinasiya kupweteka chakumapeto kwa Epulo.

Ine ntchito yanga inali yoima pa geti la fakitaleyo, kugwira zitsulo, n'kumayang'ana m'kati ngati munthu wofuna ganyu. Munandiletsa kuseka, kuphethira ndi kupukuta chimfine. Munati chimfinecho n'chofunika. Kunjenjemera kumene kukuoneka mu filimu muja, kumene anzanu a ku yunivesite akuti n'kwaukatswiri, ndikuvomera kuti sikunali kochita kuyeserera. Mbali imeneyo mwaikhoza.

Chachitatu, ndipo apa ndilankhula motsitsa mawu. Tsiku limenelo amene ankanyamula ndodo ya maikolofoni anali anzathu aja, a Kingsley, amene tinabwera nawo pa galimoto yathu. Inu mukuwadziwa. Anavulala msana ponyamula odwala ku nyumba yosamalirako okalamba, ntchito inatha, galimoto yawo inafa, ndipo kuno ku Lawrence munthu wopanda galimoto ali ngati wamangidwa miyendo. Amayenda m'mphepete mwa msewu wopanda poyenda apansi kukadikira basi, mphepo ikuwamenya, kuti akafufuze ntchito m'tauni. Nthawi imeneyo ankagona pa sofa kwa anthu a mpingo, sabata ino kwa awa, sabata yamawa kwa awo. Pa nthawi yopumula anakufunsani moseka ngati nkhani yawo singalowemo mu filimuyo. Munawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti ndi onenepa, komanso amaseka kwambiri, kotero oonera sangakhulupirire kuti ali pa mavuto.

Ine sindinaphunzire zimenezi, ndiye mundikonze ngati ndalakwa. Ndimaganiza kuti munatiuza ku Speedway kuja kuti anzanu a ku Italy ankajambula anthu amene anawapeza m'misewu, mmene analili. Kapena amphawi a ku Italy onse ankayezedwa kaye pa sikelo? A Kingsley sanadandaule. Anaseka monga mwa nthawi zonse, n'kunyamulanso ndodo yawo ndi msana wopwetekawo, kuitukula m'mwamba kuti mawu a kuvutika kwanga amveke bwino. Pano anapeza kantchito ku sitolo ina, mayi Theresa ndi amene anawathamangira. Ndangoti ndikudziwitseni, mwina mungafune kuwayamikira, ngakhale kuti sanaonde.

Chachinayi, chomwe chandilembetsa kalatayi. Mu Ogasiti munaiposita filimu ija pa intaneti. Simunalembe paliponse kuti ndi sewero. Nditakufunsani, munati mu niyoriyalizimu mulibe malire pakati pa sewero ndi moyo. Mwina ku Italy zili choncho. Koma ine kwathu ndi ku Ntcheu, kufupi ndi msika wa Lizulu, ndipo kumeneko kuli mayi anga, a Nasibeko, amene malire amenewo amawafuna kwambiri.

Msuweni wanga wina anaiona filimuyo pa foni, n'kuthamanga nayo kwa mayi. Anaona mwana wawo, amene anamuperekeza ndi nyimbo popita ku America, atagwira zitsulo za geti, chijasi chili mbwerekete, chimfine chikuchucha. Anaona mpongozi wawo akugwa ndi ndowa pa chisanu, popanda ndi mmodzi yemwe womudzutsa. Akuti anakhala pansi pomwepo. Pofika madzulo amayi a mvano anali atadzaza pakhomo, kuimba nyimbo zachitonthozo ngati pagwa maliro. Lamulungu lotsatira dzina langa linatchulidwa m'tchalitchi pa mapemphero a odwala ndi ovutika. Mayi anga amadwala bipi, Bwana. Anasiya kudya, ndipo mlongo wanga anachita kuwatengera ku chipatala.

Ndinawaimbira foni. Ndinawauza kuti zonsezo n'zongoyerekeza, ndili bwino, ntchito ndili nayo. Anandiyankha kuti ndinayamba kubisa mavuto ndili mwana, ndipo sakudabwa. Ndinawaimbira pa vidiyo, n'kuwazunguliritsa nyumba yonse. Ndinatsegula fuliji kuwaonetsa nkhuku, mkaka ndi mazira. Anati nditseke msanga eni nyumba asanandipeze, ndingachotsedwe ntchito yaukapoloyo. Chrissie anavala diresi yake ya ku tchalitchi n'kuwavinira pa foni kuti aone kuti chiuno chili bwino. Mayi analira kwambiri, akuti mtsikanayu ndi wolimba mtima, akuvina ndi njala. Pamenepo, Bwana, ndinagonja. Filimu yanu yaposa fuliji yanga. Ngati cholinga chanu chinali choti anthu akhulupirire, landirani ulemu wanu.

Chachisanu. Mwezi watha mayi Theresa anapita kumudzi kukaona abale. Pobwerera anadzera kwathu ku Ntcheu, ndipo mayi anga anawapatsa katundu wanga. Munali nsinjiro, ufa woyera pang'ono, ndi jekete. Jeketeyo anakagula okha pa kaunjika ku Lizulu. Mayi Theresa akuti anauzidwa kuti mayi anasanthula mulu wonse, kumayesa iliyonse pa thupi lawo, kufuna yolemera kuposa zonse. Kachikwangwani ka m'khosi mwake kakusonyeza kuti inachokera kuno ku America komwe. Inawoloka nyanja kupita kukathandiza amphawi a ku Malawi, ndipo yawolokanso kubwera kudzathandiza mmphawi wa ku Indiana. Ndi yapinki, manja ake amandilekeza pa chigongono, ndipo ndikuganiza kuti mwini wake woyamba anali mayi. Ndimaivala popita ku ntchito. Anzanga amaseka, ine sindivula.

Pofuna kugula jeketeyo, mayi anagulitsa mbewu ya kachewere imene anasunga kuti adzale mvula ikagwa. Musade nkhawa ndi zimenezo, mbewu ina ndawapezera kale. Anailandira mokwiya, akuti ndadzimana chakudya chifukwa cha iwo. Pano auza amalume kuti andilambulire malo kuseri kwa nyumba, ndibwerere kumudzi Khirisimasi isanafike, chifukwa kuli bwino ndikavutikire pamaso pawo kusiyana ndi kufera pa geti la eni.

Sindikupempha kuti muichotse filimuyo, Bwana. Ndamva kuti ikaonetsedwa pa msonkhano wa anthu ophunzira, ndipo ine sindingaime pa njira ya luso. Ndikuvomerezanso kuti mmene munajambulira utsi wotuluka m'kamwa mwanga n'zokongola ndithu. Ngakhale ineyo ndikaonera ndimadzimvera chisoni.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndikulipereka ndi manja awiri. Mayi anga sakhulupiriranso ine, kapena Chrissie, kapena mayi Theresa, amene akuti tinawanyengerera kuti akaname. Atsala kukhulupirira munthu mmodzi yekha, mwini kamera. Ndikupemphani kuti Lamulungu likubwerali, mukatuluka m'tchalitchi, muwaimbire. Nambala ndakutumizirani kumbali. Muwafotokozere m'Chichewa chomveka, chopanda mawu a ku yunivesite, kuti niyoriyalizimu n'chiyani, kuti chijasi chija munang'amba nokha, ndi kuti galimoto yanga inali itaima kuseri kwa ngodya. Mulankhule mokweza, khutu lakumanzere silimva bwino.

Mukonzekerenso pang'ono, chifukwa nawonso ali ndi funso lawo, limene andifunsa kangapo ndipo ine ndalephera kuyankha. Akuti munthu amene anajambula zimenezi anali pomwepo, ndi maso ake awiri. Anaona mwana wa mnzake akunjenjemera, anaona mzimayi akugwa. Akufuna adziwe kuti munthuyo ndi mwana wa yani, ndipo n'chifukwa chiyani sanaike kamerayo pansi.

Ndine wanu wodzichepetsa, wofunda bwino,

Lyson Chikadza
Mmphawi wamkulu wa mu filimu yanu