Michombo pa Msewu wa ku Phalombe

Maloto amenewa sanadikire usiku. Anamupeza Fanesi Nampinga dzuwa lili paliwombo, ali kutsogolo kwa lole, mutu utatsamira pagalasi, atangowoloka Shire pa Liwonde. Linali tsiku lachiwiri la ulendo. Mayiyu anagwira ntchito ya uzamba zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri pa kachipatala kena kuseri kwa Rumphi. Tsopano anali atapuma, ndipo amapita kwawo ku Phalombe kukalowa m'nyumba imene anamangitsa ndi thukuta lake, koma imene anali asanaionepo ndi maso chifolereni. Ankangoiona pa foni, pazithunzi zochokera kwa mchimwene wake. Kumbuyo anasiya manda a mwamuna wake, a Chavula. Anasiyanso mlamu wake wamkazi, amene potsazikana anamunong'oneza kuti, "Pitani, koma mvula isanagwe mubwerera." Masiku atatu akumanga katundu sanagone mokwanira, ndiye dalaivala, a Kapito, atangosiya kukamba za mpira, tulo tinamugwira.

Analota ulendo ukuyambiranso. Lole inali pakhomo la nyumba ya chipatala ija, koma katundu amakwera yekha. Bedi linakwera ndi miyendo yake inayi ngati ng'ombe yopita kumsika. Mipando inakwera pamzere, mwaulemu, ngati amayi a mvano. Ndiye kabati ya magalasi inangoima pakhonde n'kukana.

"Ine kumbuyo sindikwera," inatero kabati. "Ndine wa pabalaza. Fumbi la m'njira lindichititsa chifuwa."

"Iwe unabwera liti m'banja muno?" unayankha mtondo, ukugubuduka kuchokera kuseri. "Ine ndinachoka nawo ku Phalombe mayiwa ali namwali, chikwama chili chimodzi chokha. Ndinabwera padenga la basi, mvula ikundinyowetsa, sindinadandaule. Takwera, tizipita kwathu."

Kabati inakwera ikung'ung'udza, makapu m'kati mwake akuseka.

Ndiye Fanesi anatsegula chitseko cha lole n'kupeza a Kapito atakhala pampando wa wokwera, akusenda nthochi. "Mayi," anatero, "njira yakwanu mukuidziwa ndinu. Ine ndizingoona mitengo." Fanesi chibadwire anali asanayendetsepo ngakhale njinga yamoto, koma atakhala pampando wa dalaivala anaona kuti chiwongolero ndi lichero. Aa, lichero ndiye ankalidziwa. Analigwira ndi manja onse awiri n'kuyamba kupeta. Atapeta kamodzi, Ekwendeni anadutsa. Atapeta kawiri, Mzuzu anauluka ngati mankhusu. Ndiye analowa m'nkhalango ya Chikangawa, mitengo ya paini ikuthamanga m'mbali mwa msewu, ikukweza nthambi kupempha kuti iwakwereko, a Kapito akutulutsa mutu pazenera n'kumakuwa kuti, "Yadzaza! Dikirani ya matabwa!"

Mwadzidzidzi pamwamba pa katundu panalira belu la njinga. Ngiri-ngiri! Fanesi analizindikira belu limenelo ngati mmene munthu amazindikirira chifuwa cha mnzake mumdima. Anasuzumira kumbuyo. Njinga ya malemu a Chavula, imene anaimangirira pamwamba pa matilesi, inali chilili, ndipo eni ake anali pampando, atavala jekete lawo la Lamulungu, buluku atalipinda m'sokosi, akupalasa mwamphamvu.

"Abambo ake Wezi!" anakuwa Fanesi. "Mukutani pamenepo? Mugwa!"

"Kodi amake Wezi, mukuyesa loleyi ikuyenda ndi dizilo? Ndikupalasa ndine. Yang'anani kutsogolo, kuli mbuzi."

Fanesi anazemba mbuzi zija. Kenaka anatembenukiranso kwa mwamuna wake.

"Ndakusiyani nokha," anatero. "Ndani azikulambulirani pamanda paja? Alamu akuti ndakuthawani."

"Achemwali angawo ali ndi khasu, azilambula," anayankha a Chavula, akupuma wefuwefu pachitunda. "Inu munandisiya liti? Zaka zonsezi munkakhala kwathu, mukudya zakwathu, mukulira maliro akwathu m'chilankhulo chakwathu. Lero ndi tsiku langa lokuperekezani. Petani bwino licherolo, mukutaya mpunga."

Ndiye msewu unawongoka, ndipo patsogolo panaoneka chitsulo chopingasa, migolo iwiri, ndi bwana wa pamsewu atavala malaya oyera mbee. Anakweza dzanja, lole inaima, katundu yense anakhala chete kupatula wailesi imene inatsokomola.

"Chiphaso choyendetsera," anatero bwanayo.

Fanesi anapisa m'thumba n'kutulutsa kalipenga kake kachitsulo komverera mtima wa mwana m'mimba. Bwanayo anakalandira, anakaika patayala lakutsogolo, anamvetsera, n'kugwedeza mutu. "Ali bwino, ndi wamkazi." Kenaka anazungulira lole akuyang'ana katundu, ndipo pamene amafika kumene anayambira mphuno yake inali itatalika n'kuda, mikono ya malaya itasanduka nthenga. Anadumphira pachitsulo chija ali khwangwala wamkulu ngati mwana wang'ombe, pachifuwa pokha pali poyera.

"Kwaa! Mwakhala kuno zaka zingati?"

"Makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, bwana."

"Zaka zonsezo mukutuluka ndi mipando ndi mtondo basi? Munachitako chiyani kuno? Umboni uli kuti? Popanda umboni palibe kudutsa. Tembenuzani lole."

Fanesi anatsegula chikwama cha mapepala, koma m'katimo munali chiswe chokhachokha chitakhuta, china chikutokosa m'mano. Anayang'ana kabati, kabati inayang'ana kumbali. Lole inayamba kubwerera chammbuyo yokha, pang'onopang'ono, ndipo kutali uko anaona mlamu wake ataima pakati pa msewu, manja ali m'chiuno, akumwetulira.

Mwadzidzidzi mapiri a mbali zonse ziwiri anayamba kuyenda. Atayang'anitsitsa anaona kuti si mapiri, ndi anthu. Amatsika m'tinjira tonse, ena pa njinga za kabaza, ena ndi makasu paphewa, aphunzitsi choko chili m'manja, asilikali, ogulitsa tomato, mbusa wina atavala kolala, ana asukulu, amayi obereka ana amene nawonso anabereka tiana tawo. Anadzaza msewu mpaka lole inasowa kobwerera. Mbusa uja ndiye anayamba. Anamasula batani, anakweza malaya, n'kuloza pamimba pake.

"Mchombo uwu anadula ndi mayi awa."

"Uwunso!" anatero wa kabaza.

"Wanga ndi uwu, ndi wa mwana wangayu!"

Ndiye malaya onse anakwera m'mwamba nthawi imodzi, michombo mbwee kuyambira pachitsulo mpaka kumene maso amalekezera, yolowa m'kati, yotuluka kunja, ina ngati batani, ina ngati nsawawa. Fanesi anatsika m'lole n'kuyamba kuyenda pakati pawo, ndipo nkhope sankazikumbukira, koma mchombo uliwonse ankaudziwa. "Iwe unabadwa magetsi atazima, ndinaluma tochi pakamwa. Inu awiri ndinu amapasa a kwa Mhango. Iwe unakana kulira, unandivutitsa, wakula bwanji!" Amanena akuseka, misozi ikutsika, ndipo anamva msana wake ukuwongoka mpaka anatalika kuposa lole.

Khwangwala anayenda mzere wonse chodumphadumpha, akupendeketsa mutu pamimba iliyonse. Anabwerera pachitsulo. Kenaka ndi phiko limodzi anakweza nthenga zoyera za pachifuwa zija, ndipo pansi pake panali kamchombo.

"Iwe," anatero Fanesi, "khwangwala amabadwa m'dzira. Mchombo unautenga kuti?"

"Ndinabadwira m'ngolo, mayi, panjira yobwera kwa inu. Munathamanga opanda nsapato kudzatichingamira."

"Ndiwe uja unatsogoza miyendo?"

"Ndine ndemwe."

Ndiye khwangwala anamenya sawatcha ndi phiko, ananyamula chitsulo ndi mlomo n'kuuluka nacho, ndipo khamu lonse lija linagwira lole kumbuyo n'kuikankha likuimba. A Chavula anatsitsa njinga yawo. Anaima m'mbali mwa msewu, phazi limodzi pansi.

"Ine ndilekeza pano," anatero. "Kutsogoloku n'kotsetsereka, simukufunanso wopalasa."

"Simukaiona nyumba?"

"Ndinaiona kale. Khonde munalichepetsa, koma ndi nyumba." Anayang'ana pansi, monga ankachitira akafuna kunena chinthu chachikulu. "Mwagwira ntchito, amake Wezi. Pitani." Anatembenuza njinga, analiza belu kamodzi, n'kulowera kumpoto, jekete likuuluka.

Fanesi sanalire. Anakwera, anagwira lichero, n'kupeta mwamphamvu. Kasungu anadutsa akununkhira fodya. Lilongwe anafuna kumuzunguza m'misewu yake yozungulira, koma mtondo unakuwa kumbuyo kuti, "Kumanzere! Ndikukumbukira!" Pa Dedza kabati inapempha bulangeti. Pa Ntcheu mbatata zinakwera zokha osapempha, n'kukhala pamipando ngati alendo aukwati. Ndiye Shire anadzipinda ngati mphasa kuti lole idutse pouma, ndiye phiri la Zomba linasendera pang'ono, ndiye mwadzidzidzi kunali zii, injini yazima, ndipo anali pamalo ake, patsinde pa phiri la Michesi.

Koma nyumba panalibe. Panali bwalo losesedwa bwino, ndi mkulu wina woona za malo atavala tayi, akuyeza dothi ndi chingwe.

"Pepani bambo, nyumba yanga ili kuti?"

"Mubwere mawa," anatero mkuluyo, osatukula mutu.

"Ndachokera ku Rumphi. Katundu ali m'lolemu."

"Mawa likapanda kutheka, mkuja." Amalankhula akuchepa, tayi ikumukulunga, mpaka anatsala nkhono pamwamba pa chikhomo cha malire, tinyanga tili m'mwamba. "Taonani ine, nyumba ndimayenda nayo. Inu yanu munaisiya yokha, ikudikira, ikudikira. Siyo ili apoyo."

Fanesi anayang'ana kumene tinyanga timaloza. Pakati pa bwalo, pakansalu, panagona kanyumba kakang'ono ngati khanda. Kanali ndi malata ake obiriwira, timazenera tinayi, kachitseko, zonse zokwanira. Koma kanali kozizira, kali lefu, kosapuma.

"Yapita imeneyi," inanong'ona kabati.

"Khala chete iwe," anatero Fanesi, ndipo mawu amene anatuluka anali a kuntchito aja, amene ngakhale madokotala ankawamvera. "Ndowa, madzi otentha! Bedi, sendera uko, ukutchinga kuwala! A Kapito, tayani nthochiyo, gwirani thaulo!"

Anapinda manja a bulauzi n'kugwada. Anakanyamula kanyumbako, anakapukuta ndi thaulo mwamphamvu kumsana. Palibe. Analowetsa chala pakachitseko n'kuchotsa ulusi wa kangaude ndi fumbi la simenti. Palibe. Nkhono inati, "Mawa," koma Fanesi sanaimve n'komwe. Anaika pakamwa pake pakachitseko kaja n'kupumira m'kati, kamodzi, kawiri, katatu. Anapumiramo mpweya wa m'mawa wa ku Rumphi, fungo la sopo wa kuchipatala, nyimbo imene a Chavula ankaimba akamapopa njinga. Ndiye anakatembenuza, anakasisita pamaziko ndi zala ziwiri, nati, "Tiye mwanawe. Ndabwera. Lira."

Timazenera tinaphethira. Malata ananjenjemera. Ndipo kanyumba kaja kanatsegula chitseko n'kulira, kulira kwamphamvu kwa mwana wathanzi, kakukula m'manja mwake, kakulemera, mpaka anakatsitsa pansi. Makoma anakwera, khonde linatambasuka, denga linapitirira mutu wake, mipando ikuwomba m'manja, mtondo ukuvina, nyumba ikulirabe mokweza, kwiii, kwiiii...

Anali mabuleki.

Fanesi anatsegula maso. Khosi linali litauma, patsaya pali chidindo cha galasi. Lole inali itaima pamphambano, dzuwa litapendeka, ndipo phiri la Michesi linali pomwepo, lenileni, ndi miyala yake. A Kapito anali pachiwongolero chawo, akuyasamula.

"Mwagona bwanji, mayi! Zomba yense simunamuone. Phula tikulisiya pano. Tikhotere kuti?"

Fanesi anayang'ana kanjira kafumbi kolowera kumanja. Chapatali, kuseri kwa mitengo ya mango, kunkanyezimira malata obiriwira. Anamasula duku n'kulimanganso bwino, anakonza chitenje, anatulutsa kiyi m'kachikwama, n'kutsegula chitseko.

"Mukutsika? Patsala kamtunda ndithu."

"Ndiyenda pansi. Inu muzinditsata pambuyo, pang'onopang'ono. Kabati ija isasweke."

Anatsogola, lole ikubwera m'mbuyo mwake ngati ng'ombe yodziwa mwini. Mayi wina amene amagulitsa nandolo pamphambanopo anaimirira, dzanja lili pachipumi, akuyang'ana mulu wa katundu uja.

"Odi amayi, katundu yenseyu akupita kwa yani?"

"Kwanga," anatero Fanesi, osachepetsa liwiro. "Nyumba ya malata obiriwira mukuionayo. Mubwere mawa mudzamwe tiyi."