Ndege ya Lameki Iime M'mwamba

Lolemba

Lameki, mwana wanga wogwira ntchito ku Joni, watulutsa ndege m'katoni. Kandege kenikeni kouluka. Ndayeza mapiko ndi tepi yosokera: masentimita 96. Kupepuka ngati lichero. Mwiniwake ndi bambo wa imvi, koma akugwada pamchenga ngati wa sitandade wani.

Tili pabwalo la mpira kuno ku Nkhudzi. Akuiyendetsa ndi rimoti ya timitengo tiwiri. Ikugudubuzika m'mwamba, ikuuluka chagada, ikubwerera pamene yachokera. Moyo wanga wonse ndaphunzitsa masamu pabolodi, lero ndikuwaona akuuluka. Ambuye!

Akuti kuthamanga n'kosavuta. Luso ndi kuchedwa: mphuno m'mwamba, mchira pansi, pang'onopang'ono mpaka ndege kuima pamalo amodzi. Yakeyi sinaimepo. Imagwedera n'kugwa. Mankhwala ake akuti n'kusakaniza, ndiko kuuza rimoti kuti ukakankha kamtengo kamodzi, tizitseko tingapo ta ndege tisunthe pamodzi, kalikonse ndi peresenti yake. Iye maperesentiwo amangolota. Mwana wobala ine, kulota manambala!

Tizitseko ta ndegeyo:
tiwiri kumapiko, topendeketsa ndege;
kamodzi kumchira, kokweza ndi kutsitsa mphuno;
kamodzi koimirira, chiwongolero ngati cha boti.

Pangano: ikaima masekondi khumi iye asanakwere basi Lamulungu, akundisiyira ndegeyo, rimoti ndi mabatire omwe. Wanena akuseka. Ine sindikuseka. Ndikuifuna.

Lachiwiri

Kusakaniza koyamba. Ndege ikachedwa, tizitseko ta kumapiko sitikwanitsa kuikhotetsa patokha, choncho chiwongolero chizithandiza. Ndikuwerengera, ndikupeza 30 peresenti. Lameki akulowetsa mu rimoti.

Ikukhota mofewa, ngati mayi wosenza ndowa yodzaza akutembenuka kuti aone womuitana. Ndikuwomba m'manja ndekha.

Kuima: masekondi awiri. Kenako phiko ili pansi, linalo pansi, phii! Pulopela yathyoka. Zatsala zitatu.

Abiti Jafali, anansi athu oyanika usipa, akufunsa ngati mkatimo muli munthu. Ndikuwauza kuti muli masamu. Akuti masamuwo asayandikire thandala lawo.

Lachitatu

Kusakaniza kwachiwiri, kwa nzeru zanga. Mphuno ikamakwera, tizitseko tonse tiwiri ta kumapiko tizitsika, kuti phiko likumbatire mpweya wambiri. N'zomveka kwa aliyense amene anapita kusukulu. 40 peresenti.

Lameki akung'ung'udza kuti anzake a ku Joni amatikweza, satitsitsa. Ndikumufunsa ngati anzakewo anakhoza masamu. Walowetsa.

Sekondi imodzi ndi theka. Kugwedera ngati munthu wochokera ku kachasu, kutuluka m'bwalo, kukatera pakati penipeni pa thandala la abiti Jafali.

Zowonongeka:
pulopela;
usipa wouluka mbali zonse;
ulemu wanga.

Ndikuwathandiza kutola, ndikuwerenga mokweza. Ndafika pa 212 pamene andiyang'ana n'kunena kuti, "Aphunzitsi, tolani ndi manja, pakamwa papume."

Lachinayi

Chabwino. Titikweze. 20 peresenti, chokweza.

Sindidziwa ndilembe bwanji. Ikubwera kuchokera ku golo yakumtunda, mphuno m'mwamba, mchira kutsala pang'ono kukhudza udzu. Ikuchedwa. Ikuchedwabe. Nkhuku yodutsa pansi pake yaipitirira. Ndiye yaima! Osagwedera. Ili ngati kambalame kaja kakuda ndi koyera kamene kamalendewera pamwamba pa madzi kakaona nsomba. Thupi langa lonse tsembwe.

Masekondi asanu ndi imodzi.

Phiko likusiya mpweya kuti upite, ndipo ndi pamene likukhazikika. Ndasinkhasinkha madzulo onse, sindikumvetsabe. Amene analenga mpweya sanafunse aphunzitsi.

Chatsala: ikaima ikumapotokera kumanzere. Lameki akuti pulopela ikamazungulira mbali ina, imapotoza ndege mbali inayo. Mawa tikonza. Masekondi anayi okha!

Lachisanu

Magetsi azima kuyambira m'mawa. Batire yodzaza ndi imodzi. Mwayi umodzi.

Kusakaniza kwachitatu: mota ikamalira kwambiri, chiwongolero chizikankhira kumanja. Ndikupereka 8 peresenti. Sindinaganize kuti chiwongolerocho chili kale ndi bwana wake wa Lachiwiri. Tsopano chikumvera timitengo tiwiri, ngati mkamwini wotumidwa ndi apongozi awiri nthawi imodzi. Ndege ikuzungulira, ikuzungulira, mwaulemu ndithu, n'kukagunda mtengo wa golo.

Phiko lang'aluka. Pulopela yatsala imodzi.

Lameki wapita ku boma kukagula guluu ndi tikiti ya basi. Pabedi pake malaya apindidwa kale. Abiti Jafali asamutsa thandala lawo.

Loweruka

Mwera. Mabwato onse ali kumtunda, asodzi akusoka maukonde pansi pa mitengo. Phiko lamatika, batire yadzaza.

"Amayi, mphepo iyi si ya ndege," akutero Lameki. Ndikumuuza kuti Loweruka lina kulibe. Wanyamula rimoti.

Akuiponya moyang'ana mphepo. Ikukwera, mphuno m'mwamba, ndipo yaima. Yaima zenizeni, pamwamba pa mitu yathu, tizitseko tonse tikunjenjemera, kalikonse kakugwira ntchito yake. Asodzi asiya maukonde. Ndikuwerenga chamumtima: zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zitatu, zisanu ndi zinayi.

Kenako yayamba kuyenda chambuyo. Mchira patsogolo, mosafulumira, ngati munthu wotuluka pamaso pa akuluakulu osafuna kuwafulatira. Mwera ukuitenga. Ikudutsa pamwamba pa mathandala, pamwamba pa mabwato, Lameki akukankha mota mpaka pomaliza, iyo ikungobwererabe. Yakhala pamadzi mofatsa ngati bakha.

Chinthu chokongola chotere sindinachionepo. Ndege youluka chambuyo!

Msodzi wina wailowera mpaka m'chifuwa. Mota yamwa madzi, yafa. Lameki akuti iye wawerenga khumi. Abiti Jafali akuti khumi ndi ziwiri, pofuna kuti nkhaniyi ithe. Ndawauza kuti anali masekondi asanu ndi anayi. Sindinawonjezerepo mwana wa sukulu malikisi, sindiyambira pa ine.

Lamulungu

Ndalephera. Ndalowetsa ndege m'katoni yake ndekha, ndaika pakhomo pambali pa chikwama chake.

Wanyamula chikwama, katoni waisiya. Ndikumuitana, akutembenuka ali pamsewu. "Munkatiphunzitsa nokha kuti naini poyandikiza ndi teni."

Lamulo limenelo si la mapangano. Ndikanamuuza, koma minibasi inali itaima kale.

Nditachokera kutchalitchi, ndaitulutsa, ndaiika pathebulo. Mota zii. Koma tizitseko tili moyo. Ndikukoka kamtengo kamodzi: ka kumchira kakukwera, ta kumapiko tikutsatira pang'ono, tonse pamodzi, bwinobwino. Singauluke, ndipo ngakhale ikanauluka, kuiyendetsa sindinaphunzire. Sabata yonse ndinali pa maperesenti.

Za mota yatsopano wati ndidikire Khirisimasi. Sananene kuti atumiza. Wati abwera nayo.

8 peresenti inachuluka. Tidzayesa 5.