Deti ya Chimereka Inandidyera Ntchito

Ndiyambe ndi kuulula kanthu kakang'ono, kuti mudziwiretu mtundu wa munthu amene akukuyankhulani. Tsiku lina ndinafunsa dalaivala wa kuntchito kwathu kuti thiraki yake waimika pati. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, nati, "Kuno timati lole." Ine mwana wa ku Balaka, wokula ndikuthamangira malole, kukumbutsidwa dzina la lole ndi mzungu! Pamenepo ndikanatolapo nzeru. Sindinatole.

Gwero la tsoka langa linali buku. Nthawi imeneyo ndinkasanja makatoni pa weyahausi ina, chinyumba chosungiramo katundu, ku Santry, kufupi ndi bwalo la ndege. Risesheni, kugwa kwa chuma kuja, inali itagwira mzinda wathu wa Dublin pakhosi. Mashelefu athu anali mbee, ndipo Lachisanu lililonse tinkayang'anana kuti lero aitanidwa ndani kuofesi kukachotsedwa ntchito. Ine ndinaganiza zodzipulumutsa ndi maphunziro. Ndinagula m'shopu ya zinthu zakale chibuku cha ku Amereka chofotokoza kayendetsedwe ka katundu pakati pa mayiko, n'kumachiwerenga m'basi popita ndi pobwera (sukulu ndinalekezera fomu folo, koma kuwerenga ndiye matenda anga).

M'mawa wina bwana wathu, a Declan, anatisonkhanitsa. Anati kukubwera ophunzira a yunivesite ina ya ku Amereka kudzaona mmene mafakitale ndi maweyahausi akuno amagwirira ntchito. Pagulupo padzakhalanso mayi wina wa kampani imene inkasaka kosungira katundu wake. Mayiyo akasangalala nafe, ntchito zathu zapulumuka. Choncho tipente mizere pansi, tibwereke mapaleti, matabwa osanjikapo katundu, kwa oyandikana nafe, malo aoneke ngati muli moyo.

"Afika pa sikisi Meyi," anatero akuwerenga imelo. "Alemba 6/5."

Ndinakweza dzanja (dzanja lomweli, bola likanathyoka m'mawa umenewo).

"Bwana, Amereka amayamba kulemba mwezi, tsiku pambuyo. Imeneyo ndi faifi Juni."

"Watsimikiza?"

"Zili m'buku, bwana. Makontena amasochera chifukwa cha zimenezi."

Anandisisita paphewa, nati ndine pulofesa wawo, ndipo alendowo ndidzawayendetsa ndine. Palibe anaganiza zoimba foni kuti afunse. Kufunsiranji, pulofesa alipo?

Pa sikisi Meyi a Declan anali kwa dokotala wa mano. Penti inali isanatsegulidwe n'komwe. Ine ndinali ndi tsache m'manja, ndikuthamangitsa nkhunda imene inalowa mkati, pamene basi inaima pageti. Anatsika anyamata ndi atsikana onyamula makope, kenako mphunzitsi wawo, kenako mayi uja wa kampani, nsapato zake zikumveka gogogo m'chinyumba chopanda kanthu.

Ndinawalandira alendowo pakhomo. Kenako ndinawayendetsa, tsache lili kukhwapa. Mtsikana wina anafunsa mwaulemu kuti katundu ali kuti. Ndinakumbukira mutu wina wa m'buku, wonena za makampani amene sasunga kanthu chifukwa katundu amafika pa nthawi yake yeniyeni n'kunyamuka pomwepo.

"Ife kuno sitisunga," ndinatero. "Akangofika, wapita."

Ana aja analemba m'makope. Mayi wa kampani, amene anabwera kudzafuna anthu odziwa kusunga, analembanso. Nkhunda inatera pa shelefu yapamwamba n'kuchita zake, pafupi kwambiri ndi chikwama chake.

Potuluka ndinanong'oneza mphunzitsi uja kuti tinkawayembekeza mwezi wamawa, poti kwawo amayamba ndi mwezi.

"Zoonadi," anatero akumwetulira. "Koma ophunzira anga ndimawauza kuti ukapita kwa eni, tsata chikhalidwe chawo. Ndinalemba mmene mumalembera kuno."

A Declan anafika basi ikutuluka, tsaya litatupa, thonje lili m'kamwa. Sanakalipe. Anangoyang'ana zitini za penti, n'kuyang'ana ine. Kontirakiti sinabwere. Lachisanu lotsatira tinaitanidwa kuofesi anthu atatu, ndipo awiri enawo sanawerengepo buku lililonse la ku Amereka. Zimenezi ndi zimene zimandiwawa mpaka lero.

Madzulo ake ndinakumana pamasitepe ndi neba wanga, a Tembo a ku Zambia, akuchokera kuntchito kwawo kuchipatala. Ndinawafotokozera zonse, ndikuyembekeza kachitonthozo. Anamvetsera mpaka pamapeto, akupukusa mutu.

"Ba neba, nanga kwanu ku Malawi deti mumalemba bwanji?"

"Tsiku kaye, kenako mwezi."

"Na ise ku Zambia ni chimodzimodzi," anatero akufufuza makiyi m'thumba. "Manje mwaona? Sembe munali mbuli monga ise, sembe pa Mande muyenda ku nchito."